ALENDO A M'MPHUNO MWATHU: ZA KACIROMBO KA CIBAYO NDI KUSINTHA KWACE



Nkhani yathu lero iyamba ndi malobvu a munthu mmodzi. M'caka ca 1880 dotolo wina wa asilikari a ku America, dzina lace George Sternberg, anatenga malobvu a m'kamwa mwace mwini nawabaya pansi pa cikopa ca akalulu oweta. Iye sanali kudwala konse. Anali munthu wolimba, wogwira nchito yace tsiku ndi tsiku. Koma akalulu aja anadwala nafa pasanapite masiku ambiri, ndipo poyang'ana magazi ao ndi galasi lokulitsa zinthu anaonamo tizirombo tating'ono tokhala tiwiri-tiwiri. Pa nyengo yomweyo Louis Pasteur wa ku France anapeza tizirombo tomweto m'malobvu a mwana amene anafa ndi ciwewe, ndipo onse awiri analengeza zimene anaonazo m'caka ca 1881. Patapita zaka zowerengeka madotolo anazindikira kuti kacirombo kameneka, ka gulu la mabakiteriya, ndiko kamene kacititsa cibayo kawiri-kawiri, nakacha dzina lakuti pneumococcus. Taonani cozizwitsa cace: mdani woopsa wa mapapu sanapezeke poyamba m'mapapu a wodwala, koma m'kamwa mwa dotolo amene analibe ngakhale cifuwa.

Ambiri a ife tinaphunzira kuti kacirombo kakalowa m'thupi munthu adwala, ndipo akacira ndiye kuti kacirombo kafa. Inenso ndinaphunzira cotero pa sukulu ya mishoni, ndipo mphunzitsi wathu sananame. Anangotiuza theka lokha la nkhani. Theka linalo ndi ili. Pamene mphuno ikomana ndi mmero pali malo ofunda ndi onyowa. Madotolo akapukuta pamenepo ndi kathonje ka pa kamtengo, m'maiko athu ano apeza pneumococcus mwa ana aang'ono oposa theka, ana amene ali kuthamanga bwino-bwino pabwalo; mwa akuru apezanso, ngakhale kuti mwa iwo kacepa. Kakhala masabata angapo, pena miyezi, kufikira thupi likapitikitsa, ndipo sipapita nthawi kalowa kena ka mtundu wina, kocokera kwa mlongo wace wa mwanayo kapena kwa mnzace wosewera naye. Kusunga tizirombo kotereku si matenda, si uve, ndiponso si mlandu wa munthu ali yense. Cimene ndifuna kuti mumvetse madzulo ano ndi cakuti m'mphuno mwa anthu athanzi ndimo muli mudzi weni-weni wa kacirombo ka cibayo. Ndimo kabadwira, ndimo kaswanirana, ndimonso kasinthira makhalidwe ace, pamene mwini mphuno ali kudya nsima yace osadziwa kanthu.

Anthu a ku migodi analipira mtengo waukuru kuti dziko lidziwe zimenezi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 amuna ocokera ku maiko otentha a kumpoto, monga Nyasaland ndi cigawo ca kumpoto ca Mozambique, analembedwa ndi Wenela kukakumba golidi ku Joni. Ambiri a iwo anafa ndi cibayo, ndipo cinali kugwira koposa anthu atsopano, m'miyezi yoyamba atafika. Eni migodi anaitana Sir Almroth Wright wa ku London m'caka ca 1911 kuti ayese katemera wa tizirombo takufa pa anthu zikwi zambiri, koma zotsatira zace sizinaoneke bwino. M'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto kumeneko cifukwa ca kucuruka kwa imfa, ndipo lamulolo linakhalabe kufikira zaka za m'ma 1930. Caka comweco anaitananso William Gorgas, amene anachuka pogonjetsa matenda pokumba ngalande ya Panama. Iye atayendera makomboni anati cacikuru ndi kuthinana, amuna makumi-makumi kugona m'cipinda cimodzi.

Tsono ganizani za mnyamata wocokera kumudzi, wofika usiku woyamba m'cipinda cotere. Pom'zinga pagona amuna a mitundu yambiri, ocokera ku maiko ambiri, ndipo mwina palibe mmodzi yense amene atsokomola. Koma m'mphuno mwa ena a iwo muli pneumococcus wa mitundu imene matupi ao anaizolowera kale, imene thupi la mnyamatayo silinakomane nayo ndi kale lonse. Sanam'patse matenda ndi odwala okha; athanzi omwe anam'patsa. Dotolo wina wa ku Johannesburg, Spencer Lister, anatha zaka zambiri kusiyanitsa tizirombo ta anthu a m'migodimo, naonetsa kuti pneumococcus sali mmodzi, ali ndi mitundu, ndipo thupi lodziwa kugonjetsa mtundu umodzi likhoza kugwa ndi wina.

Kusiyana kwa mitunduyi kuli pa malaya. Kacirombo kali konse kabvala malaya oterera, opangidwa ndi zinthu za mtundu wa shuga, amene aletsa asilikari oyera a m'magazi athu kukagwira ndi kukameza. Thupi liphunzira kuzindikira malayawo monga mlonda wa pacipata azindikira munthu woletsedwa kulowa. Koma munthu yemweyo akabwera atabvala zina, mlonda am'tsegulira. Lero mitundu ya malaya yodziwika yapitirira 100.

Kodi kanthu kopanda mutu ndi maso kasintha bwanji? Njira ziripo ziwiri, ndipo yoyamba ndiyo yapang'ono-pang'ono. M'kati mwa kacirombo muli buku la malangizo, limene akatswiri alicha DNA, lolembedwa ndi zilembo za mitundu inai yokha, koma zondondozana zoposa 2,000,000. M'bukumo mwalembedwa kapangidwe ka malaya, kamangidwe ka khoma la kacirombo, ndi zakudya zimene kakhoza kudya. Kacirombo sikabala monga nyama. Kangogawika pakati nikasanduka tiwiri, ndipo pa malo abwino kacita zimenezi m'theka la ola. Kasanagawike kayenera kukopera buku lonse, kuti ali yense wa awiriwo atenge lace. Inu amene mwaona kalaliki ali kukopera maina ndi manambala m'buku la malipiro mudziwa kuti ngakhale kalaliki wosamala alakwa tsiku lina. Kacirombo kalakwa kamodzi-kamodzi ndithu. Koma akalaliki ace ali zikwi za zikwi m'mphuno imodzi, ndipo sapuma usana kapena usiku. Zolakwa zambiri sizisintha kanthu, zina zikapundula, koma mwa apo ndi apo cimodzi cikathandiza: kamamatira bwino pa mnofu wa mphuno, kapena kabisala bwino kwa asilikari a thupi. Pamenepo ana ace acuruka kupambana a anzace, ndipo patapita nthawi ndiwo adzaza malowo.

Pano ndicenjeze, pakuti ndamva anthu ophunzira omwe akunena kuti kacirombo "kaphunzira" kapena "kacenjera". Iai, kalibe nzeru, ndipo sikafuna kanthu. Kusintha kudza mwangozi. Cimene cisankha ndi malo amene kakhalamo. Mai akapeta mphale m'licero, gaga sauluka cifukwa ca kupusa, ndipo mphale sitsala cifukwa ca kucenjera. Dzanja lopetalo ndilo lilekanitsa. Matupi athu, katemera wathu ndi mankhwala athu ndiwo dzanja limenelo.

Njira yaciwiri ndiyo yaliwiro, ndipo m'menemo pneumococcus ali mmisiri woposa anzace ambiri. M'caka ca 1928 Frederick Griffith, dotolo wofatsa wa boma ku London, analengeza za mbewa zace. Anali ndi tizirombo ta malaya, timene tinali kupha mbewa, ndi tina topanda malaya, timene sitinali kupha. Anaphika ta malaya tija kufikira tonse titafa, natibaya mbewa. Mbewa inakhala bwino. Kenaka anasakaniza takufa ta malaya ndi tamoyo topanda malaya, nabaya mbewa ina. Imeneyo inafa, ndipo m'magazi mwace anapezamo tizirombo tamoyo, tobvala malaya a mtundu wa takufa tija. Tamoyo tinatola kanthu kena pa mitembo ya tinzace, nitisanduka nako. Griffith anafa ndi bomba m'nkhondo m'caka ca 1941 asanadziwe kuti kanthuko ndi ciani. M'caka ca 1944 Oswald Avery ndi anzace awiri ku New York anaonetsa kuti kanthu kotoledwako ndi DNA. Cotero dziko lonse linayamba kuzindikira cimene cinyamula cibadwa ca zamoyo, ca inu ndi ine comwe, cifukwa ca kacirombo ka cibayo.

Cimene Griffith anaona m'mbewa cicitika m'mphuno za ana athu masiku onse. Mwana mmodzi akhoza kusunga mitundu iwiri kapena itatu ya pneumococcus nthawi imodzi, yokhala mothinana m'mamina pamodzi ndi mabakiteriya ena ofatsa, abale ace a kutali amene sadwalitsa munthu kawiri-kawiri. Tina tikafa, masamba a mabuku ao amwazika, ndipo tamoyo tiwatola nitiwasokerera m'mabuku ao. Akatswiri apezanso kuti pneumococcus akakonzeka kutola samangodikira imfa ya mnansi. Aturutsa mankhwala ophulitsa abale ace osakonzeka, kenaka natola zimene zatayika. Ndiponso poyesa pa mbewa ku America m'caka ca 2012 anaona kuti kutolerana kumeneku kucitika kwambiri-mbiri m'mphuno, koma m'magazi a nyama yodwala kucitika pang'ono pokha. Tsamba lotoledwa likhoza kunyamula zilembo zikwi zambiri pa tsiku limodzi, zimene zolakwa za kalaliki uja sizikadafikitsa m'zaka zambiri.

Phindu la kutola linaoneka poyera pa nkhani ya penisilini. Mankhwala amenewa atafika m'zaka za m'ma 1940, cibayo cimene cinali kupha amuna amphamvu m'sabata imodzi cinayamba kucizika ndi jekeseni, ndipo kwa zaka zoposa 20 madotolo anayesa kuti pneumococcus wagonja. M'caka ca 1967 ku Australia anapeza kamodzi kamene penisilini sanakagwire bwino. M'caka ca 1977 ku Durban ndi ku Johannesburg kunabuka tizirombo tokana penisilini ndi mankhwala ena angapo pamodzi, ndipo ana ena anafa. Pofufuza m'zipinda za ana, madotolo anapeza kuti ambiri amene anali nato m'mphuno sanali kudwala nato konse. Anali kungotisunga ndi kupatsirana.

Penisilini apha kacirombo pomanga manja a "amisiri" ace amene amanga khoma lace. Khoma likaleka kumangidwa, kacirombo kaphulika. Nanga tokana tija tinapulumuka bwanji? Yankho linadza m'caka ca 1989, pamene Brian Spratt ndi anzace ku Britain anawerenga masamba onena za amisiriwo. Anapeza kuti masambawo anali a zigamba, monga nsaru yakale yosokedwa-sokedwa: apa zilembo za pneumococcus mwini, apa cigamba cacilendo, apanso zace. Kufufuza kwa pambuyo kunaonetsa kuti zigambazo zinacokera kwa anansi ofatsa aja a m'kamwa ndi kummero, monga amene achedwa Streptococcus mitis. Anansiwo akhala mwa ife moyo wathu wonse, ndipo mankhwala ali onse amene timwa, ngakhale tiwamwere cironda ca kuphazi, awafika iwonso nawapeta. Iwo anayamba kulimba, ndipo pneumococcus anangotola cida copangidwa kale.

Apa ndipo nkhaniyi ifika pakhomo panu ndi panga. Bambo wina wagwidwa ndi cimfine, ndipo sabata ino safuna kujomba ku nchito. Apita kumsika nagula makapisozi owerengeka, ofiira ndi acikasu, namwa. Cimfine cidza ndi mavairasi, tizirombo ta gulu lina timene penisilini ndi abale ace satikhudza konse. Cikadatha cokha, ndipo catha, iye nayamika makapisozi. Koma mankhwala aja sanangopita cabe. Anayenda ndi magazi kufikira m'mphuno, m'matumbo ndi pakhungu, napha tizirombo tofooka timene tinali kukhala mwamtendere, nasiya tolimba. Tolimbato, timene dzulo tinali towerengeka ndi topanikizidwa ndi tinzace, lero tapeza bwalo lonse liri lao. Bamboyo sadzamva kanthu. Madzulo anyamula khanda lace naliseweretsa, monga ayenera kucita bambo ali yense. Ndipo ngati mwezi wamawa khandalo ligwidwa ndi cibayo, kapena ndi matenda oumitsa khosi, dotolo adzakomana ndi kacirombo kamene kanapetedwa kale m'nyumba momwemo. Sindinena izi kuti muope mankhwala. Mwana akapuma mofulumira, nthiti zikalowa m'kati popuma, thupi likatentha, thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala a mtundu wa penisilini aciritsabe cibayo cambiri akaperekedwa msanga ndi pa muyeso wace. Cimene ndidandaula naco ndi kumwa popanda cifukwa, kumene sikupindulitsa munthu koma kupindulitsa alendo ace.

Masiku ano akatswiri ali ndi makina owerenga buku lonse la kacirombo, cilembo ndi cilembo, cotero akhoza kulondola banja limodzi la tizirombo monga akuru alondola mbumba. Banja lina lokana mankhwala linadziwika poyamba ku Spain m'zaka za m'ma 1980, kenaka linafalikira ku Ulaya, ku America, ku Asia ndi ku South Africa. M'caka ca 2011 akatswiri a ku Sanger Institute, pafupi ndi Cambridge, analengeza kuti awerenga mabuku a tizirombo 240 ta banja limeneli, totengedwa m'maiko 22 pakati pa 1984 ndi 2008. Anapezamo zigamba zoposa 700, ndipo banjalo linali litasintha malaya ace kakhumi. Zonsezi zinacitika m'nthawi yocepera moyo wa munthu mmodzi.

Ena anafuna kuona zimenezi pa malo amodzi. Pa msasa wa anthu othawa nkhondo wa Maela, m'malire a Thailand ndi Myanmar, anapukuta mphuno za makanda pafupi-fupi 1,000 mwezi ndi mwezi, ndi za amai ena omwe, kuyambira 2007 kufikira 2010, nawerenga mabuku a tizirombo toposa 3,000. Masamba amene anali kusinthanidwa koposa anali a mitundu iwiri: okhudza kukana mankhwala, ndi okhudza maonekedwe a kunja amene thupi lizindikira nao kacirombo. Cina cimene cinandikondweretsa ine ndi ici: pakati pa tizirombo topatsa ndi kulandira kwambiri panali topanda malaya, timene sitidwalitsa munthu kawiri-kawiri ndipo katemera satikhudza. Tofookato ndito tinali ngati amalonda a pamsika, tolandira katundu kwa uyu ndi kupereka kwa uyo.

Si pneumococcus yekha acita zotere. Pafupi-fupi munthu mmodzi mwa atatu asunga kutsogolo kwa mphuno kacirombo ka zithupsa ndi mafinya, kochedwa Staphylococcus aureus. Ku Germany anapeza kuti mwa odwala amene kameneka kanawalowa m'magazi, oposa 80 mwa 100 anadwala ndi mtundu womwewo umene unali m'mphuno zao. Ndipo ku Oxford, m'caka ca 2012, analengeza za munthu mmodzi amene anam'pukuta mphuno kwa miyezi 13. Pomariza kacirombo kanam'lowa m'magazi. Poyerekeza ka m'mphuno ndi ka m'magazi anapeza kusiyana pa malo 8 okha, m'buku la zilembo pafupi-fupi 3,000,000. Nkhani ya munthu mmodzi sitsimikiza lamulo, koma isonyeza kuti nthawi zina mlendo wofatsa ndi wakupha asiyana pang'ono pokha.

Tsono wina adzafunsa: ngati kacirombo kakhala bwino m'mphuno, katsikiranji m'mapapu? Kunena zoona, sikapindula kanthu potero. Kamene kalowa m'magazi kapena m'cikuto ca ubongo kalowa m'njira yosaturukira: mwina mankhwala akapha, mwina asilikari a thupi akapha, mwina kafa pamodzi ndi mwini thupi, ndipo palibe mwana wace amene afika kwa munthu wina. Mbeu ya mawa icokera kwa tija totsala m'mphuno. Zida zimene kacirombo kabvulaza nazo mapapu zinasulidwa cifukwa ca nkhondo ina, yolimbirana malo m'mphuno ndi yodumphira ku mphuno ya mnansi. Kawiri-kawiri cimene citsegula njira ya ku mapapu ndi kufooka kwa linga lathu: fuluwenza ndi cikuku, zimene zinyula mnofu wa mmero; utsi wa fodya ndi wa nkhuni; kuledzera; njala; ukhanda ndi ukalamba; ndiponso HIV, imene icurukitsa kwambiri ngozi ya cibayo mwa munthu wosamwa mankhwala ace. Inu owocherera zitsulo, dziwani kuti utsi wa nchito yanu uli m'gulu lomweli; madotolo atsimikiza kuti cibayo cigwira anthu a nchito imeneyi koposa anzao, ndipo cobvala kumphuno cija si cokometsera. Pa mliri wa fuluwenza wa 1918, umene unafika kuno komwe, ambiri a iwo amene anafa anamarizidwa ndi cibayo ca mabakiteriya okhala kale m'mphuno ndi kummero.

Za katemera nazo zinabwerera ku migodi kumene zinayambira. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Robert Austrian wa ku America anayesa katemera wopangidwa ndi malaya okha pa anyamata atsopano a m'migodi ya golidi ya South Africa, ndipo ulendo uno anagwira nchito. Katemera wa malaya 14 analoledwa ku America m'caka ca 1977. Koma ameneyu sanali kugwira bwino makanda. Wa makanda anaturuka m'caka ca 2000, wa malaya 7, ndipo anacita coposa kuchinjiriza mwana wobayidwa: anacotsanso mitunduyo m'mphuno za ana, kotero kuti agogo osabayidwa anayamba kudwala pang'ono. Malawi anayamba kubaya makanda katemera wa malaya 13 m'caka ca 2011, ndipo Zambia anayamba ndi wa malaya 10 m'caka ca 2013. Pa dziko lonse ana osafika zaka 5 ofa ndi pneumococcus anali pafupi-fupi 300,000 m'caka ca 2015, ndilo theka la amene anafa m'caka ca 2000. Mai amene apita ndi khanda lace ku sikelo pa masiku ace onse acita cinthu canzeru, ndipo pa ici ndiribe cikaiko.

Koma nyumba ya m'komboni sikhala yopanda munthu. Wina akasamuka, mawa alowa wina. Mitundu 7 ija itacepa m'mphuno za ana a ku America, malo ace anatengedwa ndi mitundu imene sinali m'katemera, makamaka wochedwa 19A, umene unayamba kudwalitsa ana ambiri kuposa kale, ndipo kawiri-kawiri unali wokana mankhwala. Tina mwa tizirombo timeneti tinali ta mabanja akale omwe aja, tongotola tsamba la malaya atsopano. Banja la ku Spain lija nalonso linapezeka litabvala 19A. Cifukwa cace m'caka ca 2010 anaturutsa katemera wa malaya 13, woikamo 19A, ndipo pambuyo pace apanganso wa malaya 15 ndi wa malaya 20. Ku Blantyre kunaoneka cina: patapita zaka zingapo cibayire makanda, matenda oopsa anacepa ndithu, koma mitundu ya m'katemera inapezekabe m'mphuno za ana ambiri kuposa momwe zinacitikira ku Ulaya ndi ku America. Akatswiri aganiza kuti cifukwa cacikuru ndi cakuti kwathu kuno ana apatsirana kawiri-kawiri, m'nyumba zothinana, kotero kuti kacirombo kakacotsedwa kabweranso msanga. Ndi mau omwe aja amene Gorgas ananena za makomboni a ku Joni.

Ena afunsa ngati sikungakhale bwino kungopatsa anthu onse mankhwala amphamvu kuti mphuno ziyere konse. Mphuno siingayere. Ikasesedwa lero, idzazidwa mawa ndi tizirombo ta anthu amene tidya nao ndi kugona nao, ndipo toyamba kubwerera ndi timene mankhwalawo sanatiphe. Cotero nchito ya akatswiri tsopano iri pawiri: ena afuna-funa katemera wozindikira ziwalo zimene pneumococcus ali yense ali nazo, osati malaya okha, ena apitirira kupukuta mphuno za ana athanzi caka ndi caka, kuti aone mtundu umene uli kukwera usanafike m'zipatala. Tsiku lina akadzafika pa sikelo ya kwanu ndi kathonje kao, napempha kupukuta mwana amene sali kudwala, mudzadziwa cimene ali kufuna.

Nthawi yathu yatha. Gonani bwino nonse.